Tipembedze Loweruka kapena tiumirire Lamulungu? Funso lochokera ku minda ya ku Arava

Wofunsa, mkulu wa mpingo amene ali ku Arava

Abale ndi alongo, makamaka abusa ndi inu amene mwakhalitsa kuno ku Israel, ndikupempha nzeru pa nkhani ya mapemphero. Ndine mkulu wa mpingo wa CCAP, mmodzi mwa Amalawi amene tinabwera kudzagwira ntchito za m'minda potsatira anzathu 221 amene ananyamuka mu November 2023. Tili pa moshav ina, mudzi wa alimi, m'chigwa cha Arava, m'chipululu cha kummwera, kumene ntchito yathu yaikulu ndi kuthyola tsabola.

Kuno ntchito imayamba Lamulungu. Tsiku limenelo ana amapita kusukulu, mabanki amatsegula, ndipo ife timalawirira kumunda. Tsiku lopuma ndi Shabbat, kuyambira Lachisanu dzuwa likamalowa kufikira Loweruka usiku, ndipo nthawi yonseyo mabasi sayenda. Choncho tsiku limene tinazolowera kupembedza limatipeza pa ntchito, pomwe tsiku limene tili ndi mpata tilibe chokwera chopitira ku Be'er Sheva kapena ku Eilat, kumene kuli mipingo. Tinayamba kusonkhana tokha Loweruka m'mawa pamalo pamene timagona, a CCAP, a Katolika, a Assemblies of God ndi a Seventh-day Adventist pamodzi. Tsopano ena mitima yawo siili m'malo, akuti tasiya tsiku la Ambuye, ndipo akufuna kuti tizikumana Lamulungu madzulo, ngakhale kuti nthawi imeneyo anthu amakhala atatopa, ena akuphika, ena akuimba foni kumudzi.

Kodi tikulakwa popembedza Loweruka? Nanga Mgonero wa Ambuye tiulandira bwanji popanda mbusa? Khirisimasi nayonso yayandikira, ndipo kuno ndi tsiku la ntchito, pakati pa nyengo yokolola. Komanso mwini munda watiitanira chakudya cha Lachisanu madzulo, ndipo mwana wake wa zaka za kusekondale amakonda kutifunsa za Yesu. Ndikuopa kulakwira Mulungu pokhala chete, ndikuopanso kulakwira otisunga poyankhula.

Mayi wa Katolika amene ali ku Tel Aviv

Bambo, nkhani imene ikukuvutaniyi Akhristu a kuno anaiona kalekale. Akhristu ndi pafupifupi 2 peresenti ya anthu a m'dziko lino, ambiri mwa iwo ndi Aluya a ku Nazareth, Haifa ndi midzi ya ku Galileya. Kumeneko Lamulungu limasungikabe, koma amene amakhala pakati pa Ayuda anasintha ndondomeko yawo. Kummwera kwa Tel Aviv kuli malo a Katolika otchedwa Our Lady Woman of Valor, amene anatsegulidwa mu 2014 kuti azithandiza alendo odzagwira ntchito ndi othawa kwawo. Anthu a ku Philippines, India, Sri Lanka ndi Eritrea amadzaza malowo Loweruka chifukwa ndi tsiku limene ambiri amamasuka. Mipingo ya Ayuda okhulupirira Yesu nayonso imasonkhana pa Shabbat. Akatolika a m'gulu lanulo muwakumbutse kuti Misa ya Loweruka madzulo imawerengedwa ngati ya Lamulungu, ndipo afunse ku parishi ya Be'er Sheva ngati wansembe angawayendere. Kunena zoona, wodandaula za tsiku ali ndi mwayi, chifukwa osamalira okalamba m'makomo ena amatha milungu ingapo osaponda pakhomo pa tchalitchi.

Mbusa wopuma, akulemba kuchokera ku Dedza

Akulu a mpingo, ndathokoza kuti simunalole nkhosa kumwazikana. Komabe sindikufuna kuti nkhani ya Lamulungu tiipepukitse. Mpingo sunasankhe tsikuli chifukwa choti linali lopuma, pakuti kwa Akhristu oyamba linali la ntchito monga liliri kwa inu. Mfumu Constantine ya ufumu wa Roma ndiyo inadzalamula mu 321 kuti likhale lopuma. Zaka zonse za m'mbuyomo okhulupirira ankakumana mbandakucha kapena usiku, ndipo mukawerenga Machitidwe 20 muona kuti ku Trowa anasonkhana tsiku loyamba la sabata, lomwe ndi Lamulungu, Paulo nalalikira kufikira pakati pa usiku, mpaka mnyamata wina anagwa pazenera ndi tulo. Kutopa kwa anthu anu si kwachilendo.

Maganizo anga ndi akuti mapemphero aakulu, a ulaliki ndi chopereka, muziwachita Loweruka popanda kudzitsutsa mumtima, pakuti Aroma 14 ndi Akolose 2:16 amatiletsa kuweruzana pa nkhani ya masiku. Koma Lamulungu musalisiye lopanda kanthu. Musanapite kumunda imani pamodzi mphindi zochepa, muimbe nyimbo imodzi, muwerenge za kuuka kwa Ambuye ndi kupemphera.

Pa za Mgonero ndikhala wouma mtima pang'ono. Mwa dongosolo lathu, mkulu wa mpingo amagawa mkate ndi chikho, koma sapatula. Musayambe mwambo umene sinodi yanu idzavutika nawo mukadzabwerera. Mpingo wa Church of Scotland, umene unatumiza amishoni a ku Blantyre mu 1876, uli ndi tchalitchi cha St Andrew's ku Jerusalem ndi china ku Tiberias. Lemberani abusa a kumeneko, ndipo kalata ina ipite ku sinodi yanu kuti idziwe za gulu lanulo.

M'bale wa Seventh-day Adventist, wogwira ntchito kumpoto kwa Israel

Abusa andikhululukire, koma ife sitikuonapo vuto, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga sindikupempha chilolezo kwa bwana kuti ndisunge Sabata. Sindikulemba kuti ndiyambitse mtsutso. Ndikungochenjeza kuti pa nyengo yokolola ena amapemphedwa kugwira Loweruka ndi malipiro owonjezera, ndipo amene ali ndi ngongole kumudzi sakana. Chimene chidzachepetse anthu pa mapemphero anu ndi chimenecho.

Bambo wina amene wagwira ntchito m'minda ya ku Negev, chipululu cha kummwera kwa Israel

Pa za Khirisimasi, lamulo lili kumbali yanu kuposa mmene ambiri amaganizira. Lamulo la 1951 la maola a ntchito ndi kupuma limapereka maola osachepera 36 opuma pa sabata, ndipo amene si Myuda angathe kupuma Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu malinga ndi chipembedzo chake. Amaloledwanso kusankha maholide a chipembedzo chake m'malo mwa a Chiyuda. Koma zolembedwa ndi zochitika pamunda nthawi zina zimasiyana, chifukwa galimoto yonyamula tsabola imabwera Lamulungu, ndipo anzanu a ku Thailand, amene ndi ochuluka m'minda, alibe chifukwa chopumira tsikulo. Werengani mgwirizano wanu wa ntchito, kenako pitani kwa mwini munda nthawi ikadalipo, anthu awiri kapena atatu oimira gulu, mupemphe 25 December. Aisraeli sakhumudwa ndi munthu wonena zinthu mosapita m'mbali. Ulemu wathu wozungulirazungulira ndiwo umawasokoneza, amaganiza kuti nkhaniyo si yofunika.

Chimene musachite ndi kungochoka osatsanzika. Chiphaso chanu ndi cha ntchito za ulimi, ndipo tonse tikukumbukira Amalawi 12 amene anabwezedwa kumudzi mu May 2024 atasiya minda n'kukagwira ntchito kwina. Pakakhala kusamvana, ofesi ya kazembe wa Malawi inatsegulidwa ku Tel Aviv mu April 2024.

Ngati mukufuna kuona Khirisimasi ya m'misewu, pitani ku Nazareth kapena ku Haifa, kumene mu December kumakhala chikondwerero chophatikiza Khirisimasi, Hanukkah (holide ya Ayuda) ndi maholide a Asilamu. Bethlehem ali ku West Bank, kuseri kwa malo a chipikisheni cha asilikali, ndiye funsani kaye za chitetezo musanakonze ulendo. Kumeneko Khirisimasi imachitika katatu, pa 25 December, pa 7 January kwa a Orthodox, ndi pa 19 January kwa a Armenia.

Mayi wa Katolika uja, akuwonjezera

Za mwana wa bwana wanuyo musamale kwambiri. Kuyankhula za chikhulupiriro chanu ndi munthu wamkulu si mlandu. Koma lamulo la 1977 limaletsa kupereka ndalama kapena katundu pofuna kuti munthu asinthe chipembedzo, ndipo kukopa mwana wosafika zaka 18 kuti asinthe chipembedzo ndi mlandu. Kupatula lamulo, pali bala lakale. Ayuda ambiri akamva za mtanda amakumbukira mazunzo amene makolo awo anakumana nawo ku Ulaya m'manja mwa anthu odzitcha Akhristu, zimene ife a ku Malawi sitinakule tikuziganizira. Mwanayo akafunsa, muyankheni mwachidule makolo ake ali pomwepo, ndipo musamupatse buku mseri.

Ku chakudyako pitani. Mukhale chete pamene akudalitsa vinyo ndi buledi, ndipo musatenge chakudya chophika nokha, chifukwa mabanja ambiri sasakaniza nyama ndi mkaka. Zipatso kapena maluwa n'zokwanira. Muphunzirenso maholide awo, chifukwa adzakukhudzani. Pa Yom Kippur, tsiku lawo losala kudya ndi kulapa, misewu imakhala yopanda magalimoto ndipo ngakhale bwalo la ndege la Ben Gurion limatsekedwa. Pa Pasaka wawo, masiku 7, masitolo ambiri sagulitsa buledi wotupitsa, choncho gulirani zakudya zanu pasadakhale.

Wofunsa

Zikomo nonse. Ndaziwerenga kwa anzanga, ndipo tagwirizana kutsatira malangizo a abusa: Loweruka mapemphero aakulu, Lamulungu pemphero la mbandakucha. Awiri sanakhutirebe, iwo akuti azikumana okha Lamulungu madzulo, ndipo sitinawaletse. Kwa mwini munda tipita sabata ino. Abusa, pali china chimene chatsala: chopereka chimene tikusonkhanitsa tizitumiza ku mipingo yathu kumudzi, kapena tizisunga kuno kuti chidzathandize kulipirira ulendo wa mbusa wodzatipatsa Mgonero? Popeza gululi ndi la mipingo inayi, ndalamazo asunge ndani, ndipo aziwerengera kwa yani?