Kusamutsa deta kuchoka pa Veritas kupita pa LVM, ndithandizeni

Moni nonse m'gulu muno, makamaka akuluakulu amene mumagwira ntchito ndi ma seva a Linux.

Ndili ku Mzuzu kuno, ndimayang'anira seva ya bungwe lina lobwereketsa ndalama kwa alimi. Deta yathu, pafupifupi 4TB, ili pa Veritas Volume Manager (pulogalamu yoyendetsera ma disiki), mafayilo ali pa VxFS (njira ya Veritas yosungira mafayilo), ndipo seva imayendera Red Hat Enterprise Linux (RHEL) 7. Poti chithandizo chanthawi zonse cha RHEL 7 chinatha pa 30 June 2024, mabwana agula seva yatsopano ya RHEL 9 ndipo akufuna zonse zikhale pa LVM ndi XFS, zomwe zimabwera ndi Linux n'kumagwira ntchito ngati ya Veritas Volume Manager ndi VxFS.

Ndayang'ana pvmove, yomwe imasamutsa deta pakati pa ma disiki, koma imagwira mkati mwa LVM mokha. Nayo vxvmconvert imatembenuza LVM kukhala Veritas, ife tikufuna zosiyana ndi zimenezo. Ndinaganizanso zochotsa disiki imodzi pa mirror (ma disiki osunga deta yofanana) n'kukaiika pa seva yatsopano, koma popanda Veritas sizingawerengeke. Ndi rsync -aHAX, pulogalamu yokopera mafayilo, mafayilo wamba akupita bwinobwino, vuto lili pa database. Imasinthasintha ndikukopera, ndipo ine sindingaikhulupirire kope yoteroyo, muli ngongole za anthu umu.

Chinanso ndi magetsi. Akathima, UPS yathu (batire yosungira magetsi) sichedwa kulira, jenereta nayo imafuna munthu akailize pamanja.

Ndiye ndifunse, alipo anasamutsapo zotere? Kodi ndizimitse database Loweruka masana n'kumaliza ndi rsync, kapena ndichite dump (kutulutsa zonse za mu database n'kuziika mu fayilo) n'kubwezeretsa pa seva yatsopano? Nanga mumatsimikiza bwanji kuti zonse zafika zamphumphu musanafufute disiki zakale?

Zikomo kwambiri.