Mayi wa mutu waching'alang'ala akufuna opaleshoni, ndilembe kalata?

Mbewe: Anzanga ndithandizeni nzeru. Kuno kuchipatala ku Thyolo ndili ndi wodwala, mayi a zaka 34, othyola tiyi. Mutu umawagwira mbali imodzi mpaka kusanza, dzuwa likawala amagona m'nyumba atamanga chitenje kumutu. M'litsipa mwadzaza mphini za kwa asing'anga. Achimwene awo ali ku Johannesburg awauza kuti kuli opaleshoni yochiza mutuwu, ndiye akufuna kalata yowatumiza ku chipatala chachikulu cha Queens. BP ili bwino, alibe malungo kapena HIV, ndawayeza maso ndi mphamvu za manja ndi miyendo, zonse zili bwino.

Sisita Nasibeko: Pamwezi umawapweteka masiku angati? Muwafunsenso Panado ndi Brufen wogula pa okala, osangodalira zolembedwa m'buku lawo.

Mbewe: Masiku oposa 20. Akumwa m'mawa uliwonse asanapite kumunda, poopa kujomba.

Dokotala Kalua: Vuto lagona pamenepo a Mbewe. Munthu akamamwa mankhwala amenewa masiku 15 kapena kuposa pamwezi, kwa miyezi yoposa 3, mankhwalawo amayamba kuubweza mutu. Opaleshoniyo ilipodi, achimwene awo sananame. Anaiyambitsa Bahman Guyuron, dokotala wa maopaleshoni wa ku Cleveland ku America, cha m'ma 2000, ataona kuti ena omwe ankawachita opaleshoni yokongoletsa pachipumi mutu unkawaleka. Amamasula minyewa yopanikizika pachipumi, m'litsipa kapena kunkhongo. Koma mu 2013 bungwe la American Headache Society linalangiza kuti isamachitike kunja kwa kafukufuku, chifukwa umboni wake ndi wochepa. Ena amatsala ndi dzanzi pomwe anadulapo. Ine sindingalole mayiwa agulitse mbuzi kufunafuna mpeni asanayese zomwe tili nazo m'famase. Asiye mapilisiwo, muwachenjeze kuti masabata awiri oyamba mutu uvuta kwambiri. Muyambe mankhwala opewera mutuwu, amitriptyline pang'ono usiku, kapena propranolol ngati alibe mphumu. Valproate ayi, angavulaze mwana m'mimba, ndipo mayiwa akadali a msinkhu wobereka.

Sisita Nasibeko: Adokotala, za kulera tisaiwale. Ngati amaona zong'anima m'maso mutu usanayambe, mapilisi olera okhala ndi homoni ya estrogen angawabweretsere sitiroko. Abwere kwa ine tisankhe njira ina.

Mbewe: Zong'animazo anazitchuladi, ine osafunsa za kulera. Ndawaitana Lachinayi, ndiwalembere kalata yopumula kuntchito masiku oyambawo, azichonga pa kalendala tsiku lililonse lomwe mutu wawawa. Tikatha miyezi 3 osasintha ndiye ndilemba ya ku Queens.