Chifukwa chiyani selo lina limafa litatupa, lina litafota?

Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeni. Selo likasowa okosijeni limatupa mpaka kuphulika, koma pa apoptosis (imfa imene selo limadzikonzera lokha mwadongosolo) limafota. Kusiyana kwake kukuchokera pati?

Mphunzitsi_Bio: A Nabanda, yambirani pa pampu ya Na+/K+ (sodiyamu ndi potaziyamu) imene ili pa khungu la selo. Pa ATP imodzi (molekyulu yopatsa selo mphamvu) pampuyi imatulutsa sodiyamu 3 n'kulowetsa potaziyamu 2, motero mkati mwa selo potaziyamu amakhala pafupifupi 140 mM (muyeso wa kuchuluka kwake m'madzi), sodiyamu 10 mpaka 15 mM. Okosijeni akasowa, ATP imachepa, pampu imaima, sodiyamu amadzaza mkati ndipo madzi amamutsatira. Choipa kwambiri n'chakuti NCX (puloteni yosinthanitsa sodiyamu ndi kashiyamu, imene kawirikawiri imatulutsa kashiyamu) imayamba kugwira ntchito chobwerera, n'kumalowetsa kashiyamu amene amawononga mitochondria (tizigawo topanga ATP m'selo).

Chisale: Pa apoptosis ATP imakhalapobe. Tinjira ta potaziyamu ndi kloraidi timatseguka, awiriwa amatuluka m'selo ndipo madzi amatuluka nawo, selo n'kufota. Potaziyamu akachepa mkati, ma caspase (mapuloteni ophwasula selo) amagwira ntchito mosavuta.

Mphunzitsi_Bio: Mukafuna kuyesa mu labu, imitsani pampu ya Na+/K+ ndi mankhwala otchedwa ouabain. Koma samalani: maselo a khoswe amafuna mlingo wochuluka pafupifupi ka 1,000 kuposa a munthu, ndiye musangotengera mlingo wa wina.