Kulembetsa boti logula ku Mozambique pamene mapepala a umwini ndi osakwanira

Bambo a Tiyamike, Kachulu

Akuluakulu nonse, ndikupempha uphungu kwa amene akudziwa bwino malamulo okhudza maboti. Mwezi wathawu ndinagula boti la fayiba pamodzi ndi injini yake ya Yamaha ya mahosipawa 40 kwa bambo ena a m'boma la Mecanhelas, kutsidya kwa nyanja ya Chilwa m'dziko la Mozambique. Cholinga changa ndi chakuti lizinyamula anthu ndi katundu kuchoka pa doko la Kachulu kupita ku chilumba cha Chisi, ndipo madzi akachuluka lizifikanso ku Chinguma ndi ku Ngotangota. Botilo linabwera loyenda pamadzi, monga mmene zinthu zambiri zimafikira kuno, ndipo silinadutse pa chipata chilichonse cha m'malire.

Vuto lagona pa mapepala. Ogulitsawo anandipatsa chikalata chimodzi cha m'Chipwitikizi chokhala ndi chidindo, koma dzina limene lili pamenepo si lawo, ndi la achimwene awo aakulu amene anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Iwo akuti malemuwo anawasiyira botilo pakamwa pokha, popanda cholembedwa chilichonse. Injini nayo ilibe lisiti, ndipo pa kachitsulo kamene kali pa chomangira chake manambala awiri omalizira anafufutika moti sakuwerengeka bwino. Chimene ndili nacho m'dzina langa ndi kalata ya pamanja, yolembedwa pa pepala la m'kope, imene tinasainirana pamaso pa mboni ziwiri. Ndalipira magawo awiri mwa atatu a mtengo wake, ndipo gawo lotsalalo tinagwirizana kuti ndidzapereka ndikagulitsa mpunga.

Anzanga ena pagombe pano akundiuza kuti ndingolipenta, ndifufute nambala yachilendo imene ili kutsogolo kwake, ndipo ndizinena kuti ndinaligula kwathu kuno. Mtima wanga sukuvomereza zimenezo, chifukwa boti limeneli lizinyamula miyoyo ya anthu ndipo ndikufuna likhale m'kaundula wa boma m'dzina langa. Kodi ndiyambire ku ofesi iti? Nanga kalata yolumbira pamaso pa majisitireti, yonena kuti botilo ndinaligula ndine, ingalowe m'malo mwa mapepala amene akusowawo?

Mlangizi wa zausodzi wopuma, Matawale

Bambo a Tiyamike, mwachita bwino kufunsa musanagule penti. Chonde nambala imene ili kutsogoloyo musaikhudze, chifukwa pakali pano ndiyo yokha imene ikulumikiza boti lanu ndi chikalata cha m'Chipwitikizi chija, ndipo mukaifufuta mudzakhala mwadziphera nokha umboni, kwinaku mukuoneka ngati munthu amene akubisa katundu wakuba.

Pa funso lakuti muyambire kuti, yankho langa ndi lakuti musayambire ku ofesi iliyonse. Bwererani kaye ku Mecanhelas. Lamulo la kugula ndi kugulitsa katundu limayendera mfundo yakuti wogula salandira umwini woposa umene wogulitsa anali nawo. Ngati botilo linali la malemu, ndiye kuti atamwalira linakhala chuma cha masiye, ndipo mkazi wawo ndi ana, ngati alipo, ali ndi mawu pa chumacho. Mng'ono wa malemu akhoza kukhala munthu woona mtima ndithu, koma kunena kuti "anandisiyira" sikumupatsa mphamvu yogulitsa ngati banja silinagwirizane. Milandu yotere tinkaiona pa nyanja ya Chilwa, makamaka madzi akabwerera pambuyo pouma, monga zinachitikira nyanja itaphwa mu 1995 ndi mu 2018. Pa nthawi ya chilala maboti amakhala pamatope popanda wowalabadira ndipo ena amagulitsidwa motchipa, koma nsomba zikayambanso kugwidwa, achibale amene anali chete amadzuka n'kuyamba kufunsa kumene boti la bambo awo linapita.

Mwayi wanu ndi wakuti simunamalize kulipira. Ndalama yotsalayo musapereke kufikira atakukhazikani pansi ndi mayi amasiyewo, ana amene akula, mwinimbumba ndi mfumu ya mudziwo. Pamenepo palembedwe kalata yatsopano yonena momveka kuti botilo linali la uje, amene anamwalira, ndipo banja lavomereza kuti ligulitsidwe kwa inu pa mtengo wakuti. M'kalatamo mulembedwe utali ndi mtundu wa boti, nambala imene ili kutsogoloyo, dzina la injini ndi nambala yake, komanso manambala a ziphaso za onse osainira, inu chiphaso chanu cha unzika ndipo iwo chawo chimene amachitcha Bilhete de Identidade. Mfumu idindepo, ndipo kukhale kotheka kuti kalatayo ikatsimikizidwenso ku ofesi ya boma ya kumeneko. Mupemphenso fotokope ya chikalata cha imfa ya malemuwo, chifukwa ndicho chidzafotokozere aliyense chifukwa chimene dzina la pa chikalata chakale likusiyana ndi la wogulitsa.

Kunena za kalata yolumbira, ili ndi ntchito yake koma ndi yochepa kusiyana ndi mmene anthu amaganizira. Majisitireti kapena loya amangochitira umboni kuti inu mwalumbira pamaso pake. Satsimikiza kuti zimene mwanenazo ndi zoona, ndipo kalatayo singachotse ufulu wa mwana wa malemu amene sanafunsidwe. Idzakuthandizani pofotokoza za lisiti ya injini imene inasowa, makamaka ogulitsawo akalumbiranso mbali yawo, koma singakhale maziko a umwini wanu payokha.

Che Mdala a pa Chisi

Ine ndakulira pa chilumba pano ndipo ndikufuna kunena mbali ina, mwaulemu wonse kwa alangizi. Pa nyanja ya Chilwa malire ali m'mabuku a boma, koma anthu a mbali zonse ziwiri ndi amodzi: timakwatirana, timaikana maliro, ndipo asodzi a ku Mozambique ndi a kuno amagona moyandikana m'zimbowera nyengo yonse ya matemba. Mabwato ndi maboti a matabwa akhala akugulitsidwa uku ndi uku kuyambira makolo athu, ndipo chimene chinkafunika ndi mboni ndi kudziwitsa mfumu basi. Ambiri amene ndikuwadziwa ali ndi chiphaso cha usodzi chokha, ndipo a komiti ya pagombe amawadziwa kuti boti lakuti ndi la uje.

Nkhawa yanga ndi yakuti bambowa akapita okha kukadziulula kuti boti linalowa popanda kudutsa pa kasitomu, angakalilande pomwepo, kapena angawatchulire ndalama yoposa imene anagulira. Pa zobwerera kukakumana ndi banja la malemu ndikugwirizana nazo kwathunthu, ndipo ndikuwonjezera kuti apite ndi munthu wa kuno amene ali ndi abale kumeneko, woti amve Chilomwe ndi Chipwitikizi, asakasaine chinthu chimene sanachimve. Koma za maofesizo ndikukayika ngati n'zofunika pa nyanja yaing'ono ngati yathuyi.

Mayi Nachisale, Zomba

Che Mdala, nkhawa yanu ndi yomveka, koma uphungu wongokhala chete ukhoza kuwapweteka bambowa koposa. Ndagwira ntchito yothandiza amalonda kulowetsa katundu m'dziko kwa nthawi yaitali, ndipo ndinene mosabisa kuti boti ndi injini zogulidwa kunja ndi katundu wolowa m'dziko ngati wina aliyense, ngakhale zitabwera zoyandama. Lamulo la kasitomu limafuna kuti katundu wotere aonetsedwe kwa a bungwe lotolera misonkho la MRA, ndipo amene sanaonetsedwe akhoza kulandidwa akapezeka. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa munthu amene wabwera yekha ndi mapepala m'manja kudzanena kuti akufuna kukonza zinthu, ndi munthu amene wagwidwa atapenta boti n'kufufuta nambala. Woyambayo akhoza kulipira msonkho mwinanso ndi chindapusa, koma wachiwiriyo amayankha mlandu wozembetsa katundu, ndipo eni ake akatulukira akhoza kuyankhanso wolandira katundu wakuba.

Bwato losema kapena boti la matabwa lopalasa ndi nkhani ina, ndipo sindikutsutsa kuti ambiri amayenda monga mwanenera. Boti la fayiba lokhala ndi injini ya mahosipawa 40 ndi chuma choonekera patali, ndipo injini zotere ndizo zimabedwa kawirikawiri m'magombe a mayiko onse awiri. N'chifukwa chake manambala awiri ofufutikawo akundidetsa nkhawa kuposa china chilichonse chimene bambowa afotokoza. Madzi a Chilwa ali ndi kamchere, pakuti nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo zolembedwa pa zitsulo zimadyeka msanga, choncho kufufutikako kungakhale kwachilengedwe. Komabe makaniko wodziwa injini za maboti ayang'anitsitse kachitsuloko padzuwa, aone ngati kanadyeka konsekonse mofanana kapena pali mikwingwirima ya chopalira pa manambala awiriwo pokha, ndiponso ngati kakuoneka kuti kanamatulidwapo n'kumatidwanso. Mujambule zithunzi zoonekera bwino, ndipo mukadziwitse apolisi kuti afufuze ngati injini yotere inadandaulidwapo kuti inabedwa. Pa nkhani za m'malire apolisi athu amalumikizana ndi anzawo a ku Mozambique.

Zikatero, bambo a Tiyamike, mutenge kalata ya banja ija, chikalata chakale, zithunzi ndi lipoti la apolisi, mupite nazo ku MRA musanayambe malonda onyamula anthu. Chipata chapafupi ndi dera limene munagulalo ndi cha Nayuchi m'boma la Machinga, chimene chayang'anizana ndi Entre-Lagos, koma mukhoza kuyamba mwafunsa ku maofesi awo a ku Blantyre kuti akuuzeni kumene botilo likaonedwere. Mapepala a m'Chipwitikizi muwamasuliritse m'Chingerezi kwa womasulira wovomerezeka. Mudziwiretu zinthu ziwiri. Mtengo umene munalemba pa pepala la m'kope suwamanga a kasitomu, ndipo akauona kuti ndi wotsika kwambiri ali ndi mphamvu yowerengera okha. Komanso musadalire kuti msonkho uchotsedwa chifukwa chakuti Malawi ndi Mozambique onse ali mu SADC, pakuti kuchotserako kumayendera dziko limene katundu anapangidwira, ndipo injini ya Yamaha sinapangidwe ku Mozambique. Muwafunse ngati pali kuchotsera kulikonse kwa zipangizo zotere m'ndondomeko ya msonkho ya chaka chino, popeza zimenezi zimasintha ndi bajeti.

Bambo a Tiyamike, Kachulu

Zikomo kwambiri nonse. Ndaimbira foni ogulitsa aja ndipo avomera kuti malemu anasiya mkazi ndi ana atatu, wamkulu ali pa sukulu ku Cuamba. Akuti mayiwo akudziwa za kugulitsaku, koma atamva kuti ndikufuna asainire okha pamaso pa mfumu anayamba kunena kuti zimenezo zichedwetsa ndalama yawo. Ndawauza kuti gawo lotsalalo ndidzaliperekera pa bwalo lomwelo, pamaso pa mayiwo. Funso limene latsala ndi lakuti, zonsezi zikatheka, kodi chiphaso chochokera ku ofesi ya zausodzi ndi chokwanira monga anenera Che Mdala?

Mlangizi wa zausodzi wopuma, Matawale

Ayi bambo, si chokwanira, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokoneza. Chiphaso cha ku dipatimenti ya zausodzi, pansi pa lamulo la 1997 loteteza ndi kusamalira nsomba, chimakhudza kupha nsomba ndi zida zophera, ndipo komiti ya pagombe imathandiza pa ntchito yomweyo. Inu simukukapha nsomba, mukukanyamula anthu molipiritsa. Zimenezo zili m'manja mwa dipatimenti ya Marine, ya mu unduna wa zamtengatenga, imene imayendetsa lamulo la Inland Waters Shipping Act, ndipo lamulolo limagwira ntchito pa nyanja ya Chilwa monga limagwirira pa nyanja ya Malawi. Ali ndi maofesi ku Monkey Bay. Iwowo ndi amene amayeza boti kuti aone ngati lili loyenera kuyenda pamadzi, amanena chiwerengero cha anthu amene lingatenge, amaona majekete oyandamitsa ndi zida zina zopulumutsira, ndipo woyendetsa naye amafunika kukhala ndi chiphaso chake. Che Mdala anena kuti nyanja yathu ndi yaing'ono, koma iwo eni akudziwa kuti chifukwa chosaya mphepo ikawomba mafunde ake amakhala afupiafupi ndi aukali, ndipo boti lodzaza matumba a mpunga, njinga ndi amayi obereka ana silichedwa kumwa madzi pakati pa Kachulu ndi Chisi. Ngozi ikachitika pa boti losalembetsedwa, mwini wake akhoza kuyankha mlandu.

Mukamabwerera ku Mecanhelas muonjezere chinthu chimodzi pa zimene ndinanena poyamba. Popeza botilo lili ndi nambala ndi chikalata chodinda, zikuonetsa kuti linalembetsedwapo kumeneko, choncho banjalo likapemphe ku ofesi imene inapereka chikalatacho kalata yosonyeza kuti lachotsedwa m'kaundula wawo chifukwa lagulitsidwa kunja. Boti limodzi siliyenera kukhala m'kaundula wa mayiko awiri, ndipo kalatayo idzatseka pakamwa aliyense amene angadzabwere ndi chikalata china m'tsogolo. Musanawoloke, imbirani a Marine muwawerengere mapepala amene mukuyembekeza kukhala nawo, kuti ngati pali china chimene amafuna mukachitengere pa ulendo womwewo.

Kuzengereza kwa ogulitsawo pa zoti mayi amasiye asainire okha musakutenge mopepuka. Mukafika, mupemphe kulankhula ndi mayiwo pamaso pa mwinimbumba wawo, ogulitsawo asanayambe kuwayankhulira, ndipo muwafunse mtengo umene anauzidwa. Akakana kusaina, botilo musaliyendetse. Likhale pagombe m'manja mwa komiti, ndipo mukambirane zobwezeredwa ndalama yanu pamaso pa mafumu a mbali zonse ziwiri.