Kodi yoga ndi mindfulness n'chinthu chimodzi? Ndithandizeni abale

NaBanda wa ku Highfield

Moni nonse a kuno ku Harare. Ine ndine telala, ndimasoka mayunifolomu a sukulu ndi madiresi a zikwati kuseri kwa nyumba. Zaka zoposa 20 ndakhala ndikupalasa makina, mpaka msana unafika poti m'mawa ndimadzuka nditagwira khoma. Mwana wanga wamkazi ndiye anandikokera ku yoga Loweruka lililonse ku Avondale. Ndimakwera kombi ziwiri. Tsiku loyamba ndinafika nditamanga chitenje, anzanga onse ali m'zothina zawo zija, koma imeneyo tiisiye.

Msana wayamba kumasuka, sindinama. Chondizunguza mutu n'chakuti mphunzitsi wathu, mtsikana wa Chishona, pakamwa pake sipachoka mawu oti mindfulness. Tikawerama, akuti mverani mpweya wanu. Pomaliza timagona chagada pa mkeka mphindi 10 osachita kanthu, iye akuti apa ndiye pofunika kwambiri. Ine pamenepo m'mutu ndimakhala ndikuwerengera mamita a nsalu ya kasitomala amene sanandilipire. Ndiye ndifunse: ziwirizi zikugwirizana pati? Sindingangotenga zowongola msanazo, zinazo n'kumusiyira mwini wake? Komanso mlamu wanga akuti ndayamba zachikunja.

Aphunzitsi a ku Mufakose

Mayi NaBanda, magwero ake ndi osiyana ngakhale zonse zinachokera ku India. Mawu oti yoga ndi a Chisanskrit, ndipo tsinde lake limatanthauza kumanga pamodzi, ngati ng'ombe ziwiri pa goli. Patanjali, amene analemba mfundo za yoga kalekale, anaika makwerero asanu ndi atatu. Kakhalidwe ka thupi, asana, ndi khwerero lachitatu chabe. Lachinayi ndi kulamulira mpweya, pranayama, ndipo kumtunda kwake kuli kusonkhanitsa maganizo ndi kusinkhasinkha. Pa mfundo zake pafupifupi 200, zokamba za asana ndi zitatu zokha, ndipo zikungonena zoti munthu akhale mokhazikika, mosavutika. Kupindapinda kumene mukuona ku Avondale kunakula pambuyo pake.

Mindfulness anamasulira kuchokera ku mawu oti sati a Chipali, chilankhulo chakale cha malemba a chiphunzitso cha Buddha. Ndi kukhala tcheru ndi chimene chikuchitika pompano, m'thupi ndi m'maganizo, osachithawa komanso osadzidzudzula nacho. Amene anazilowetsa m'chipatala ndi Jon Kabat-Zinn, mu 1979 ku University of Massachusetts ku America. Anakonza maphunziro a masabata 8 a odwala ululu wosatha ndi nkhawa, ndipo mkati mwake anaikamo yoga yofewa dala.

Za nsalu ya kasitomalayo musadandaule. Mukazindikira kuti maganizo athawira ku nsalu, n'kuwabweza pa mpweya, ntchito yake ndi imeneyo basi. Athawanso, muwabwezenso. Kugona chagada kuja amati savasana, kutanthauza kugona ngati mtembo, ndipo ambiri kumawavuta kuposa kuimirira mwendo umodzi.

Gogo Nkhoma wa ku Mbare

Mwana wanga NaBanda, ine ndine mkulu wa mpingo ku CCAP, ndipo mlamu wakoyo usamunyoze. Pali makalasi ena amene amayamba ndi kuimba mawu a chipembedzo cha Chihindu, ndipo pali kayendedwe kena kamene dzina lake lenilenilo ndi kulonjera dzuwa. Aphunzitsi pamwambapa avomereza okha kumene zinachokera. Ufunse mtsikanayo poyera zimene akukuimbitsani, ngati zilipo. Zowongola msana ine ndilibe nazo mlandu, ngakhale dokotala amalamula. Koma mtima wa munthu si wongopereka kwa aliyense. Ukagona chagada pamenepo, bwanji osanena Salimo 23 chamumtima?

Nasi_Chitungwiza

Agogo anena zoona pa kufunsa, palibe choipa. Ine ndiwonjezere za ku chipatala. Munthu akamada nkhawa amapuma mothamanga, pachifuwa pokha, mapewa atakwera m'makutu, minofu ya msana itauma gwa. Mukatulutsa mpweya pang'onopang'ono, motalika kuposa mmene munaukokera, mtima umachepetsa liwiro ndipo minofu imalekerera. Choncho amayi, zimene mukufuna kumusiyira mwini wakezo mwina ndi zomwe zikuthandiza msanawo. Ndaonapo anthu amene amapinda thupi maganizo ali kwina, n'kudzivulaza chifukwa sanamve pamene thupi linati basi. Kukoka pang'ono n'kwabwino, koma ululu wolasa ngati singano, kapena dzanzi lotsikira kumwendo, lekani pomwepo mukaonane ndi dokotala.

China, anzathu Achishona ali ndi mawu oti kufungisisa, kuganiza mopitirira muyeso. Ngati si nsalu yokha imene ikukusowetsani tulo, mkeka pawokha sungakwanire. Pa makiliniki ambiri muno muli Friendship Bench, imene anayambitsa Dr Dixon Chibanda ku Mbare, pamene agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi n'kumamvetsera mavuto a anthu. Amenewo ndi macheza othandizana kupeza njira, osati yoga, koma musachite manyazi kupitako.

NaBanda wa ku Highfield

Zikomo nonse. Agogo, ndinamufunsa mtsikanayo dzulo, akuti kalasi yake ilibe zoimba, ndipo Salimo ndinganene mmene ndingafunire. Aphunzitsi, mwandikumbutsa kanthu. Ndikamalowetsa ulusi pa singano ndimasiya kupuma osadziwa, ndipo ndikamasoka kolala ya shati sindimva ngakhale mwana akuitana, chifukwa ukangoyang'ana kumbali mzere wakhota. Kaya imeneyo ndi mindfulness yomweyo kaya ayi, koma lero ndinayesa kumvera mpweya ndili pa makina, ndipo ndinapeza kuti phewa lamanja ndimalikweza tsiku lonse ngati ndanyamula ndowa. Ndalitsitsa kangapo, likumabwerera lokha. Kasitomala uja sanabwerebe.