Tithandizeni nzeru pa ulendo wokhazikitsa chimbale chathu

Abale anga oimba, ine ndi mayi akunyumba tamaliza kujambula chimbale chathu choyamba cha nyimbo zauzimu, ndipo tikufuna kukachikhazikitsa ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Kale aliyense ankaimba kukwaya yake, ndiye kuyenda awiri chonchi n'kwachilendo kwa ife.

Chikundisowetsa tulo ndi ndalama ya holo. Kodi tiyambire malo aakulu ngati Robin's Park, kapena tizungulire kaye m'matchalitchi mpaka anthu atidziwe? Nanga ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo lija, tizilembetsa bwanji nyimbozi, poti zina anapeka ndi mayiwa, zina ine, zina tinathandizana? Sindikufuna mawa pakhale kukayikirana m'banja chifukwa cha ndalama.

Mvula nayo yayandikira, mwana wathu akadali kubere. Inu amene munayendapo ndi akunyumba kwanu, munkatani?