Katundu wa ku Holland wakwera kawiri, ndi Brexit kapena akundidyera?

Membala wobisa dzina: Abale anga a kuno ku UK, ndithandizeni nzeru. Ndimaphika pa maukwati ndi pa zinkhoswe ku Leicester, komanso ndimagulitsako katundu kwa anzanga a kutchalitchi. Amene amandibweretsera katundu kuchokera ku Holland wakweza mitengo kawiri chaka chino, ndipo pa invoice pabwera mzere wina woti ndalama za pa boda. Ndikafunsa amangoti ndi Brexit, kutuluka kwa UK m'bungwe la mayiko a ku Ulaya la EU. Makasitomala akuti ndayamba dyera, chonsecho ena mwa iwo ali ndi ngongole yanga ya ukwati wa chaka chatha. Alamu anga amene ankandinyamulira katundu adasiya osatsanzika, lendi yakwera, kumudzi akudikira ya feteleza. Ndisinthe wogulitsa kapena ndiziitanitsa ndekha?

Nachisale: Mayi, katunduyo ndi wanji? Nkhuku za mufiriji, nsomba, mpunga, ufa? Chilichonse chili ndi lamulo lake pa boda.

Bambo Phiri, Luton: Palibe chofunsa apa, ndi Brexit basi! Eni dziko adavota okha pa 23 June 2016, paundi nkugwa usiku womwewo. Kuyambira pa 1 January 2021 katundu wochokera ku EU amafuna mapepala a kasitomu. Akatswiri a ku London School of Economics adawerengera kuti pakati pa December 2019 ndi March 2023 banja lililonse lidalipira pafupifupi £250 yowonjezera pa chakudya chifukwa cha zimenezi. Mukufunanso umboni wanji?

Gama: Achimwene, musaunjike zonse pa mutu umodzi. Mu March 2023 chakudya kuno chidakwera ndi 19%, koma ku Germany mwezi womwewo chidapitirira 20%, ndipo iwo sadatuluke m'bungwe lililonse. Nkhondo ya ku Ukraine idakweza gasi, feteleza, tirigu ndi mafuta ophikira. Tomato uja ankagulitsidwa mowerenga mu February 2023 vuto lidayambira pa nyengo ku Spain ndi ku Morocco.

Bambo Phiri, Luton: A Gama, nanga satifiketi ya dokotala wa ziweto adaibweretsa ndi Putin? Yankhani chimenecho.

Nankhoma: Mayi, siyani a mkanganowo, tengani invoice yanu. Pangano la UK ndi EU limati palibe msonkho, koma pa katundu wolimidwa kapena wopangidwa mu EU yekha. Mpunga wa ku Asia kapena ufa wa ku Africa umene wangotsikira ku Rotterdam nkuikidwa m'matumba ena sukhala wa ku EU ayi. Ukamalowa kuno utha kulipira msonkho wa UK, mwina utalipira kale wina ku Holland. Ambiri amaluzira pamenepa osadziwa.

Ngati ndi nyama yaiwisi ya mufiriji yochokera mu EU momwemo, msonkho palibe, ndalama imapita ku mapepala. Kuyambira pa 31 January 2024 imafuna satifiketi yosainidwa ndi dokotala wa ziweto wovomerezeka ndi boma la kumene yachokera, ndipo amalipiritsa pa ulendo uliwonse. Pa 30 April 2024 adayamba kuyendera malole. Yodzera ku Dover kapena Eurotunnel adaiikira ndalama yotchedwa Common User Charge ya £29 pa mtundu uliwonse wa katundu, osapitirira £145 pa chikalata chimodzi, kaya lole yaimitsidwa pa malo oyendera katundu a ku Sevington kaya ayi. Madoko ena monga Harwich ndi Hull ali ndi mitengo yawoyawo. Ndiye muuzeni wogulitsa wanuyo akuphwanyireni mzere wa pa bodawo: satifiketi zingati, ejenti zingati, doko zingati, ndipo mukugawana anthu angati m'lolemo. Akakana, m'pamene mungayambe kumukayikira.

Bambo Phiri, Luton: Mwamva? Zonse watchula mayiyuzi kunalibe 2021 isanafike. Ndimanena zomwezi.

Mlongo Tamanda: Ine chandikhudza ndi ngongolezo. Osayatsa moto musanalandire theka la ndalama, yotsalayo ibwere sabata imodzi ukwati usanachitike. Pa pepala la mtengo muzilemba kuti ukugwira ntchito masiku 30 okha, chifukwa mukalonjeza mu January za ukwati wa mu August, kukwera konse mumasenza nokha.

Mjomba Soko: Bwanji osangobwereka vani, kuwoloka ku Calais, kudzaza nkubwera? Ndi tsiku limodzi lokha.

Nankhoma: Malume, musawaike m'mavuto. Katundu wogulitsa salowa ngati wa pakhomo, ngakhale akhale makatoni awiri. Ndiponso pa 12 April 2025 boma lidaletsa apaulendo kulowa ndi nyama ya ng'ombe, mbuzi, nkhosa, nkhumba ndi za mkaka kuchokera ku EU chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ziweto, chindapusa chake mpaka £5,000. Lamulo lotere limasintha, munthu aone kaye pa gov.uk asanakwere sitima.

Gama: Mankhwala ake ndi kugula kwathu. Malawi ili m'gulu la mayiko amene katundu wawo amalowa kuno popanda msonkho pansi pa DCTS, ndondomeko ya malonda ya UK ndi mayiko ongotukuka kumene, imene idayamba mu June 2023. Mpunga wa Kilombero, nandolo, tiyi, bwanji tikudzera ku Holland?

Nachisale: Popanda msonkho, inde, koma Malawi ilibe nyanja ya mchere. Kontena ikadzere ku Beira kapena ku Nacala, mayi wophika pa maukwati aidzaza ndi chiyani? Wina asatchulenso usipa: makilo 20 a nsomba zouma amene amaloleza m'sutukesi ndi odya pakhomo, osati a bizinesi.

Bambo Phiri, Luton: Ndiye chifukwa chake mu May 2025 nduna yaikulu Starmer adakhala pansi ndi a EU ku London kuti akambirane zochotsa masatifiketi omwewa. Chikadakhala chabwino akadachibweza?

Nankhoma: Za kuitanitsa nokha, mufunika nambala ya kasitomu ya EORI yoyamba ndi GB, kulembetsa pa IPAFFS (tsamba la boma lodziwitsira za zakudya zolowa), kudziwitsa a pa boda tsiku limodzi la ntchito katundu asanafike, ndi ejenti wolemba za kasitomu. Ndalama zimenezi sizisintha kwenikweni kaya phaleti ndi imodzi kaya khumi, ndiye wamng'ono ndi amene amapsa. Pepala likalakwika nambala imodzi, lole imaima, firiji ikudya mafuta, bilu nkubwera kwa inu. Ngati simudzaza phaleti, gulani ku mahoselo a ku Birmingham kapena ku London amene adalowetsa kale katundu, muyerekeze mtengo pa kilo utafika pakhomo panu. Mukakhalabe ndi wa ku Holland, pemphani mtengo wa DDP, kutanthauza kuti za pa boda zonse ndi zake.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Katunduyo ndi wosakaniza. Koma za alamu angawo, ndiwaimbire ine kapena ndidikire?

Nachisale: Mayi, wosakaniza chiyani ndi chiyani? Jambulani invoice, mubise maina, tione dziko lochokera ndi kulemera kwake.

Bambo Phiri, Luton: Kaya ajambule kaya asajambule, ndi Brexit. A Gama sadandiyankhebe za satifiketi ija.